Bulu Amene Sanang'ambidwe Mphuno ku Verdun

Kwathu kumapiri a Cantal, m'dziko la Afalansa, mwamuna wopanda chiweto sitimuwerengera kwenikweni. Ndiye taganizani mmene zinamuwawira Firmin Delpuech, mwini khola la abulu otsitsa tchizi kuchoka kumapiri kupita kumsika wa ku Aurillac, tsiku lomwe mwana wake wamkazi Noémie anabwera kudzamuonetsa mwamuna wokonza maambulera. Dzina lake linali Léonce Malroux, munthu wowonda, wamanja ofewa, nyuzipepala nthawi zonse ili m'thumba. Ukwati unachitika, poti Noémie kuuma mutu anatengera kwa bambo ake omwewo, koma Firmin sanamutchulepo dzina mkamwini wakeyo. Ankangoti "wamaambulera uja".

Awiriwa anadana zenizeni tsiku lomwe mabelu a tchalitchi analira kuitanira amuna kunkhondo, m'nyengo yokolola ya 1914. Banja lonse linali pachakudya, ndipo Léonce sanathe kuugwira mtima.

"Wolowa ufumu wa ku Austria wawomberedwa kudziko lomwe ife sitingaliloze n'komwe, ndiye okafa tikhale ife?" iye anatero. "Akuluakulu anamangirirana mapangano ngati ng'ombe za pagoli limodzi, ina ikagwera m'dzenje zonse zitsatire. Akulimbirana migodi ya chitsulo ndi mayiko akutsidya kwa nyanja. Inu bambo muli ndi mgodi?"

Firmin anamenya tebulo mpaka vinyo kutayika. "Ajeremani anatilanda zigawo ziwiri nthawi ya bambo anga, lero abweranso pakhomo, iwe ukundiwerengera nyuzipepala? Ngati ukuopa, kabisale pansi pa ambulera!"

Antonin, mwana wamwamuna mmodzi yekhayo wa Firmin, anaseka mpaka kutsamwa. Patapita masiku ochepa iye ndi mlamu wakeyo anakwera sitima imodzi, Antonin akuimba, Léonce ali duu. Aliyense pasiteshoni ankati pofika Khirisimasi anyamata akhala atabwerera.

Khirisimasi inabwera, inapita, inabweranso. Nkhondo inali italowa pansi ngati mfuko. Mbali zonse ziwiri zinakumba ngalande zozama kuchokera kunyanja mpaka kumapiri a Switzerland, n'kutchinga kutsogolo ndi waya waminga, ndipo wotulutsa mutu ankalandira chipolopolo. Kenaka kumayambiriro kwa 1916 Ajeremani anasankha Verdun. Musaganize kuti anaifunira chuma tauniyo. Ankadziwa kuti ife Afalansa sitingaisiye zivute zitani, ndiye anati tiyeni tiwaitanire pamenepo, azibwera okha, ife tizingowapera ndi mizinga. Ndipo tinabweradi, gulu ndi gulu, ngati tirigu wolowa m'mphero. Akuluakulu athu nawo sanasowe tulo ndi zimenezo. Antonin anafa sabata yoyamba yomwe. Bomba linagwa pomwe anaima, ndipo panalibe choika m'bokosi.

Boma litayamba kusowa anyamata linatola madala. Firmin, imvi zili mbuu, anapezeka ali m'mgodi wakale wa miyala kumbuyo kwa ngalande za Verdun, atapatsidwa ntchito yoidziwa. Kunali tiabulu ting'onoting'ono tochokera ku Algeria, tokwana kuyenda m'ngalande makutu osaonekera, ndipo tinkanyamula buledi, msuzi, vinyo ndi madzi kupita kwa asilikali akutsogolo. Vuto la bulu ndi pakamwa. Akalira, adani amadziwa kuti chakudya chikudutsa, mizinga n'kuyamba. Ndiye dokotala wa ziweto ankang'amba mphuno za bulu aliyense ndi lumo kuti asathenso kulira.

Mwa abulu a Firmin munali wamphongo wina wotuwa, wadyera, amene iye anamutcha Nduna, poti ankadya za boma n'kumasokosa popanda chifukwa. Tsiku la lumo Firmin anamukulunga mphuno ndi nsanza yoviika m'magazi a ng'ombe ya kukhitchini, n'kumuimika pamzere wa ong'ambidwa kale. Kwathu bulu sitimudula. Aliyense amadziwa kuti bulu salira asanatukule mchira, choncho ukafuna akhale chete umangomangirira mwala kumchirako, basi. Makolo athu ankatero akamazembetsa mchere pothawa msonkho. Sajeni Coudeyre, mkulu wa onyamula zakudya, ankauona mwalawo tsiku ndi tsiku, koma ankayang'ana kumbali.

Mu Okutobala gulu la Léonce linadutsa pamgodipo popita kutsogolo. Léonce anakweza dzanja kupereka moni. Firmin anawerama ngati akukonza lamba wa bulu mpaka mzere wonse unatha. Chikhalirecho sanalankhulane, ngakhale Firmin ankadziwa kuti Noémie ndi woyembekezera kuchokera pa tchuthi chomwe mwamuna wake anapatsidwa, ndipo kuti ali yekha m'nyumba, poti amayi ake anamwalira kalekale.

Masiku otsatirawo mizinga yathu inagunda osapumira. Mphekesera inali yoti tikufuna kulanda linga la Douaumont, lomwe Ajeremani anatitengera pachiyambi pomwe. Iwo anabwezera pothira mabomba panjira zonse zopita kutsogolo. Onyamula madzi amene anatumidwa kugulu la Léonce sanabwerere, otsatira awo chimodzimodzi. Ndipo m'mawa wina, nkhungu ili tolo moti munthu sungaone nsonga ya mfuti yako, msilikali wina wa gulu lija anafika pamgodipo akukwawa, lilime litatupa. Atamumwetsa anatha kunena zochepa. Anati anzake ali m'khwawa la m'munsi mwa linga, ngalande yawo inafafanizika, ndipo amene alephera kupirira n'kumwa madzi a m'maenje a mabomba akufa ndi m'mimba. Madzi kumeneko anali paliponse, koma munali mitembo ndi poizoni wa utsi.

"Ndikufuna munthu mmodzi ndi abulu awiri," anatero sajeni Coudeyre. "Masana sitiyenda, mukudziwa, koma lero nkhungu yatikomera mtima. Sindikakamiza munthu."

Aliyense anapeza choyang'ana pansapato zake. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Firmin anaimirira.

"Inu mdala? Ndi mawondo amenewo?"

"Mawondowa ndi anga, a sajeni."

"Si gulu la wamaambulera uja limeneli? Ndimayesa mumati sakukhudzani?"

"Sakundikhudza," anatero Firmin akumanga kale zigubu pamsana pa Nduna. "Koma mwana wanga analira kale mlongo wake. Sindikufuna alirenso ali ndi khanda m'manja."

Coudeyre anamuthandiza kukoka malamba, anayesa mwala wa kumchira ngati wamangika bwino, kenaka anamupatsa botolo lake la kachasu wa mphesa kuti amwe pang'ono.

Poyamba njira inali ngalande yeniyeni, yamatabwa pansi. Firmin anali kutsogolo, Nduna pambuyo pake, ndipo kumapeto kunali bulu wamkazi wong'ambidwa mphuno amene ankapuma ngati mvukuto wobooka. Kutsogolo matabwa anatha, makoma anayamba kugumuka, ndipo m'makomamo munkatuluka nsapato ndi manja a anthu omwe bomba lina linawakwirira, lina n'kuwafukula. Miyezi yoyamba Firmin ankagwada pa mtembo uliwonse kuyang'ana nkhope, kufuna Antonin. Tsopano anali atasiya zimenezo. Anadutsa pomwe panali mudzi wa Fleury, mudzi wa tchalitchi ndi sukulu, ndipo anauzindikira chifukwa choti matope a pamenepo anali ofiirira ndi fumbi la njerwa.

Atangodutsa Fleury bomba linaphulika kumbuyo kwake n'kumugwetsa chafufumimba. Atadzuka, makutu akulira, anapeza bulu wamkazi uja atagona cham'mbali, mimba ili pamtunda. Chigubu chimodzi mwa ziwiri zake chinali chisanabooke. Firmin anamusisita pakhosi buluyo mpaka anasiya kuphupha, anamasula chigubucho n'kuchisenza yekha. Nduna anali chiimire, akutafuna chingwe ngati palibe chachitika.

Kuyambira pamenepo kunalibenso njira. Kunali maenje okhaokha, lina kukamwa kwa linzake, odzaza madzi obiriwira, ndipo pakati pake timizere ta matope toterera. Kunalibe mtengo, kunalibe chitsa, kunalibe chilichonse choti munthu n'kulozera. Firmin anatsetsereka ndi mtunda mpaka anaona kuti nthaka yayambanso kukwera, n'kudziwa kuti ali m'khwawa. Koma khwawa ndi lalitali, ndipo nkhungu inali itameza zonse. Anapita kumanja, anabwerera kumanzere, anapezanso mapazi ake omwe. Anali atafika, madzi ali nawo, koma anthu ake osawapeza.

"Anyamata a ku Cantal!" anakuwa. "Madzi! Ndabwera ndi madzi!"

Kunali zii, kupatula mizinga yomwe inkadutsa pamwamba. Anakuwanso mpaka kukhosi kuwawa, koma mawu a munthu pansi pa mizinga safika patali. Ndipo iye ankadziwa kuti ngakhale atamumva sangayankhe. Ajeremani ena ankatha Chifalansa, ankaitana m'nkhungu ngati anzathu ovulala, woyankha n'kulandira bomba lam'manja. Asilikali akutsogolo anali ataphunzira kusayankha mawu a munthu amene sakumuona.

Firmin anatula chigubu, nakhala pansi m'matope. Anasowa mtengo wogwira. Anaganiza za Noémie akutsegula chitseko, meya wa mudzi ataima panja chipewa chili m'manja, monga anaimira tsiku la uthenga wa Antonin. Kenaka maso ake anagwera pa mwala uja, ukulendewera kumchira kwa Nduna.

Kumasula mwalawo kunali kuitana imfa, zimenezo ankazidziwa bwino. Komanso bulu akalira kwathu amamveka tsidya lina la chigwa, ndipo msilikali aliyense wa ku Verdun ankadziwa kuti kumene kuli bulu kuli chakumwa. Firmin anachita chizindikiro cha mtanda, anatulutsa mpeni n'kudula chingwe. Mwala unagwa. Iye anabisa mutu m'mapewa, kudikira.

Nduna anagwedeza mchira, anauyang'ana, n'kuyamba kununkhiza matope.

"Lira!" anatero Firmin. "Iwe, lira!"

Bulu anangopinda khutu limodzi.

"Miyezi yonseyi umandilowetsa m'mavuto ndi pakamwa pakopo, lero wasanduka wosalankhula? Lira, galu iwe!" Anamumenya mbama pathako. Anamukoka makutu. Kenaka anasintha, anavula chisoti n'kuwerama. "A Nduna, olemekezeka, bwana wanga, anthu akudikira mawu anu. Lankhulani, chonde." Nduna anamuyang'ana ndi diso limodzi, n'kuyasamula.

Ine nkhani za ngwazi za ku Verdun ndamva zambiri, za ogwira mbendera ndi za ofera pamfuti zawo, ndipo sindizinyoza. Koma sindinamvepo za wina amene anavula ulemu wake wonse n'kuuponya m'matope monga anachitira Firmin Delpuech, munthu amene kwathu ana ankathawa akangokhosomola. Ankadziwa kuti bulu wamphongo salola wamphongo mnzake kulira pafupi naye osamuyankha. Choncho anaimirira, anakweza mutu, anakoka mpweya wonse womwe chifuwa chake chikanatha, n'kulira ngati bulu. "Hiii-hooo! Hiii-hooo!" Kanali kaliridwe konyansa, kosasa, kochititsa manyazi. Analiranso kachiwiri, misozi ikutuluka.

Nduna anaimika makutu onse awiri. Chipongwe chotere sanachilandirepo chibadwire. Anatambasula khosi, anatukula mchira, n'kutulutsa phokoso lomwe analisunga nkhondo yonse. Khwawa lonse linagwedezeka, ndipo atayamba sanafunenso kusiya.

Yankho loyamba linachokera kwa Ajeremani. Mfuti yachiwaya inatsekula pamtunda, zipolopolo n'kumalasa matope mwachisawawa. Firmin anakankhira bulu m'dzenje, iye n'kugwera pambuyo pake. Chigubu chimodzi chinabooka, madzi n'kuyamba kutayika, ndipo iye anatseka bowolo ndi chala chachikulu uku akutukwana Ajeremani onse ndi makolo awo. Mfuti ija inalira, inalira, kenaka inatopa poti sinkaona chomwe ikuwombera. Ndipo m'kachetechete komwe kanatsatira, Firmin anamva kanthu kena chakumbuyo kwake, kumanzere. Ngo, ngo, ngo. Inali supuni ikugogoda chitini. Anali atawadutsa pafupi kwambiri moti akanatha kuwaponda.

Anatseka bowo lija ndi nyenyeswa ya buledi ndi nsanza, n'kukwawa kutsata kugogodako, chingwe cha bulu chili kumano. Anagwera m'dzenje lalikulu lolumikizana ndi ena awiri. Poyamba anayesa muli matope okhaokha, kenaka matopewo anatsekula maso. Pa gulu lomwe linadutsa pamgodi lija, mzere wautali wotenga nthawi kuti uthe, otsala akanakwana m'ngolo ziwiri za udzu. Milomo yawo inali yakuda, yong'ambika. Atangoona zigubu anayamba kukwawira kwa bulu onse pamodzi, manja patsogolo, akulira ngati ana, ndipo Firmin anaona kuti madzi onse atayika pompo.

Ngo! Supuni ija inagogoda kamodzi, mwamphamvu, ndipo onse anaima. Wogogodayo anali atatsamira khoma la dzenje, mwendo wakumanja utamangidwa ndi lamba wa mfuti pamwamba pa bondo, m'munsi mwake muli zosayang'anika. Anali Léonce. Akuluakulu onse a gululo anali atafa, ndipo amene anatsala kulamula anali iye, kopolo wamba. Sankatha kulankhula. Analoza ndi supuni kwa ovulala omwe anagona kumbali, kenaka anakweza chala chimodzi: kapu imodzi aliyense, kuyambira amenewo. Amuna akuluakulu aludzu la imfa anabwerera m'mbuyo n'kukhala pamzere. Firmin anathira madzi, kapu ndi kapu. Léonce anamwa pomalizira.

Chimunthu china chandevu, dzina lake Célestin, chitamwa kapu yachiwiri chinapeza mawu. "Mdala, mukumuona kopolo wathuyu? Akanapanda iye bwenzi mutapeza mitembo. Wofuna kumwa za m'dzenje amamuopseza ndi mfuti. Taonani icho." Analoza nsalu ya tenti yomwe inatambasulidwa pa nthiti za waya, yolozetsa kukamwa kumwamba, chitini chili pansi pake. "Amatikolera nkhungu. Supuni imodzi imodzi, koma ndi imeneyo yatifikitsa lero."

Firmin anachiyang'ana chinthucho nthawi yaitali: chinali ambulera yozondoka. Kenaka anapita kukagwada pafupi ndi mkamwini wake n'kumupukuta kumaso ndi mpango wake.

"Bambo," anatero Léonce, mawu akutuluka movutikira. "Bulu amene analira koyamba uja ndi wa mtundu wanji?"

"Unamva?"

"Tonse tinamva. Célestin anati ameneyo akudwala, tikamupeza timuwombere, tim'chitire chifundo."

Dzenje lonse linaseka, kuseka kowawa kong'amba milomo, koma kuseka ndithu. Firmin anafuna kukalipa, mapeto ake anaseka nawo.

"Wachiwiriyo ndiye tinakhulupirira," anapitiriza Léonce. "Mjeremani Chifalansa amatha, koma bulu alibe."

Dzuwa lisanafike pamutu mizinga yathu inasintha kaliridwe, mabomba n'kuyamba kugwera patsogolo, chakulinga. Kenaka m'nkhungu munatuluka anthu, mizere ndi mizere, Afalansa pamodzi ndi asilikali ochokera ku Senegal ndi ku Morocco, mipeni ili kumfuti, akuyenda mosathamanga. Mkulu wawo anaima m'mphepete mwa dzenje, n'kudabwa. Anati anauzidwa kuti m'khwawali mulibenso wamoyo, mwina Ajeremani analanda kale.

"Alande bwanji ife tilipo?" anatero Célestin. Anapukuta ndevu, anatola mfuti yake. "Anyamata, tamwa. Tiyeni tikaone chomwe takhala tikuchifera."

Onse otha kuimirira anaimirira. M'mawa womwewo anthu amenewa sankatha kukweza mutu, koma tsopano anakwera khoma la dzenje akukokana manja, n'kulowa m'mizere ija. Léonce anayesa kudzikoka kuti awatsatire.

"Ukupita kuti iwe?" anafunsa Firmin.

"Sindingawasiye anyamata, bambo."

"Anyamata ako aimirira. Iwe sungaime. Tseka pakamwa." Anataya zigubu zopanda kanthu, anamunyamula ngati thumba la mbatata n'kumukhazika pamsana pa Nduna, kenaka anamumangirira ndi malamba a zigubu zija. Ovulala enawo anawasiyira madzi otsala ndi lonjezo loti atumiza a machira, ndipo lonjezolo analisunga atangokumana nawo panjira.

Ulendo wobwerera unali wautali. Bala la pamwendo linkachucha magazi, ndipo mutu wa Léonce unayamba kulendewera. Firmin anali ataona anthu ambiri akugona tulo totere pamsana pa bulu, osadzukanso.

"Bambo, ngati sindifika, mukamuuze Noémie kuti..."

"Ine ndimanyamula madzi, sindinyamula mauthenga. Ukamuuze wekha." Anamugwedeza paphewa. "Tamvera. Mwanayo akabadwa akakulira kumapiri, kwa ine. Ndikamuphunzitsa ntchito yeniyeni."

Léonce anatsekula diso limodzi. "Ku Aurillac. Kuli sukulu yabwino."

"Sukulu! Kuti adzawerenge nyuzipepala n'kumayankha akuluakulu?"

"Kuti asadzalire ngati bulu pagulu."

"Mwano umenewo! Ukanakhala ndi miyendo iwiri ndikanakutsitsa pompano!"

Anakangana choncho njira yonse, za sukulu, za dzina la mwana, za amene adzamugwirire pa ubatizo. Léonce akangoyamba kusinza, Firmin ankapeza chipongwe chatsopano. Chakumadzulo nkhungu inang'ambika, dzuwa linatuluka, ndipo kumbuyo kwawo phiri lonse linaonekera. Pamwamba pa linga la Douaumont pankayenda tianthu ting'onoting'ono tovala zobiriwira ngati thambo, yunifolomu yathu. Ajeremani ogwidwa ankatsika m'magulumagulu, ena atanyamula ovulala athu pamachira, nkhope zawo zotuwa ndi zotopa chimodzimodzi zathu. M'maenje monse anthu anayamba kutulutsa mitu popanda wowawombera. Firmin sanaime kuti aonerere, poti mkamwini wake anali atasiya kuyankha.

Malo a dokotala anali pakhomo la chipinda chapansi cha nyumba yogumuka, m'mphepete mwa msewu. Firmin ankadutsapo tsiku lililonse ndi abulu, ndipo mwambo wa pamenepo ankaudziwa. Ovulala ankawandandalika panja. Dokotala ankayenda pamzerewo, kuyang'ana aliyense kamphindi, n'kuloza. Akaloza kumanzere, munthuyo ankakwezedwa lole yopita kuchipatala. Akaloza kumanja, ankapita naye kuseri kwa khoma, kumene kunali wansembe ndi mabulangete. Malole anali ochepa, ndipo sankawaonongera pa munthu woti akafera panjira.

Firmin anamugoneka Léonce pamzere, anamupukutanso kumaso, anamutsina masaya kuti aoneke wamagazi. Dokotala ankayandikira, epuloni yake ili psuu, maso ofiira ndi tulo. Kumanja. Kumanzere. Kumanja. Kumanja. Atafika pa Léonce anadula buluku ndi sizasi, anawerama n'kununkhiza bala, kenaka anaika zala pakhosi.

"Mwendowu wapita," anatero.

"Mwendo tengani, a dokotala," anatero Firmin, chisoti chili m'manja. "Ntchito yake ndi yokhala pansi. Nanga mwini wake?"

Zala za dokotala zinali pakhosi pompaja, maso akuyang'ana kutali ngati munthu womvetsera mapazi a mlendo. Anatukula chikope cha Léonce. Firmin anatsata chala cha dokotalayo ndi maso. Bomba la ku Fleury silinamuopse chonchi, mfuti yachiwaya ija ayinso.

"Ndi mwana wanu?"

"Ndi wanga."

"Wamwa madzi lero, eti? Ndi zimene zamusunga." Dokotala anadzuka, anapukuta manja pa epuloni, n'kukweza chala. "Kumanzere. Fulumirani naye."

A machira anamunyamula. Pomukweza m'lole Léonce anatsekula maso, anafunafuna mpaka anapeza apongozi ake, n'kukweza dzanja pang'ono. Firmin analigwira dzanjalo ndi manja onse awiri, n'kuthamanga nalo m'mbali mwa lole mpaka mawondo anakana.

Nthawi yomweyo wanjinga yamoto anafika akukuwa kuti Douaumont yagwa, linga labwerera kwa eni ake. Msewu wonse unaphulika ndi chisangalalo. Ophika anamenya mapoto, a machira anakumbatirana, ovulala omwe anakweza zisoti pamachira pomwepo, ndipo wina anayambitsa nyimbo. Firmin anakuwa nawo kuposa onse, chisoti chili m'mwamba, misozi ikutsuka matope kumaso, mpaka mawu anamuthera. Anthu onsewo ankayang'ana kuphiri. Iye yekha ankayang'ana kumsewu, kumene lole inkanka ikuchepa, itanyamula bambo wa mdzukulu wake ali moyo.